Mayina Amene Ndinadula ndi Lezala

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake pakhoma la pabalaza pali chithunzi cha munthu amene si m'bale wathu, pamene cha agogo anu enieni chili m'kabati. Amayi anu amangoyankha kuti "ndi abwana a bambo anu," nkhani n'kuthera pomwepo. Tsopano popeza ndapuma ntchito ndipo maondo akukana zakudimba, ndati ndilembe bwinobwino. Za ubwana wanga kwa Nsamala sindinena zambiri. Ndinaweta mbuzi, ndinakwapulidwa kusukulu ya mishoni ngati wina aliyense, basi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku Balaka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku bungwe lina limene dzina lake linali lalitali ngati sitima ya katundu, mwakuti anthu ankangoti Nkhokwe. Nkhokweyo inkasonkhanitsa tindalama ta alimi ndi ta ochita malonda, n'kukagula magawo m'makampani akuluakulu, monga ochotsa njere m'thonje ndi onyamula katundu. Munthu akapereka ndalama yake ankalandira satifiketi yobiriwira imene tinkaitcha sheya. Makampani akapindula, pakutha pa chaka mwini sheya ankayenera kudzalandira gawo lake la phindu. Akaluza, nayenso waluza. Ndipo akaifuna ndalama yake, ankatha kubweza sheyayo kuofesi n'kupatsidwa mtengo wake.

Ofesi yathu inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa sitolo ina pafupi ndi siteshoni. Ine anandilemba ngati kalaliki woyenda m'midzi kufunsa anthu mafunso, ndipo bwana wanga anali a Makwinja, mkulu wa zofufuza. Anali munthu wamfupi, wadazi, wovala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anaphunzira za chuma kunja, ndipo ankalemba buku lalikulu loti akapeze nalo digiri yaudokotala, lofotokoza mmene anthu wamba amachitira ndi ndalama zawo. Anthu ophunzira chotere masiku amenewo ankafuna uwavulire chipewa uli kutali, koma a Makwinja ankapopa okha njinga yawo. Mafuta a galimoto ankasowa kwa miyezi, moti galimoto ya ofesi inakhala pamalo amodzi mpaka nkhuku za mlonda zinayamba kuikira mazira pansi pake. Mapepala nawo anali osowa kwambiri. Tinkalemba mbali zonse ziwiri, ndipo kaboni wokopera makalata tinkamugwiritsa ntchito mpaka ukamukweza m'mwamba unkaona dzuwa.

Tsiku loyamba anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "A Nampinga, muli ndi makutu?"

"Ndili nawo, bwana."

"Aliyense ali nawo. Ine ndikufuna maso. Pakamwa pa munthu pamatuluka zimene akufuna kuti mumve, koma manja ake sadziwa kunama."

Ndinavomera ndi mutu ngati ndamva, koma kunena zoona sindinamve kanthu. Kenaka anandipatsa malamulo awiri. Loyamba, fomu ikalembedwa siifufutidwa, siing'ambidwa, siitayidwa, ngakhale itanena zimene bwana sakufuna. Lachiwiri, mawu enieni a munthu asalembedwe pafupi ndi dzina lake. Lachiwirili sanalifotokoze, ndipo panalibe chifukwa chofotokozera. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankatha kupita kumsika m'mawa, abale ake n'kudzamuonanso patatha zaka.

Chimene chinkawasowetsa mtendere a Makwinja chinali ichi. Masheya a Nkhokwe anagulidwa kwambiri m'boma lathu lonse, ndipo akuluakulu a ku likulu ankatiyamikira m'makalata. Koma pafupifupi aliyense anagula imodzi yokha. Wolemera imodzi, wosauka imodzi. Njala ya mwezi wa Febuluwale itafika, anthu anagulitsa mbuzi, mawailesi, ngakhale malata a padenga, koma wobweza sheya sanaoneke. Tsiku lolandira phindu litakwana, wolipira anakhala pakhonde ndi bokosi la ndalama kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akungoingitsa ntchentche. Kunabwera aphunzitsi angapo ndi siteshoni masitala, basi.

"Ku likulu akuti anthu athu ndi okhulupirika," anatero a Makwinja. "Ine ndikuti munthu wokonda chinthu amawonjezera, wodana nacho amagulitsa. Nanga uyu wosachita zonse ziwiri, wosafunanso phindu lake, ndi munthu wotani? Pitani mukandionere."

Chilimwe cha chaka chotsatira, m'midzi ya kwa Nsamala

Ndinayambira kwathu, poganiza kuti anthu ondidziwa adzandimasukira. Ndinkafika pamudzi, kukaonekera kwa amfumu ndi kwa atcheyamani a nthambi ya Chipani monga mwa lamulo, iwo n'kundiyalira mphasa pansi pa mtengo. Anthu ankabwera mmodzimmodzi, atcheyamani atakhala pambali panga kuti andithandize. Funso lalikulu pafomu linali lakuti, "Munagula sheya chifukwa chiyani?" Yankho linali lakuti, "Tikufuna chitukuko." Lotsatira: "Bwanji simunakatenge phindu lanu?" Yankho: "Tinatanganidwa kumunda." Ngakhale azakhali anga enieni, amene anandisambitsa ndili khanda, anandiyankha chomwecho, maso ali pa atcheyamani.

Patatha milungu itatu ndinabwerera ku Balaka ndi mtolo wa mafomu, ndikudzimva kuti ndine katswiri. A Makwinja anawerenga yoyamba, yachiwiri, yachisanu, kenaka anavula magalasi n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

"A Nampinga, mwavutikiranji? Mukanangolemba fomu imodzi, ine n'kuika kaboni. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa."

Ndinachita manyazi, komanso ndinapsa mtima, chifukwa matako anali atatupa ndi chishalo cha njinga. Ndinati, "Bwana, ndalemba zimene anena. Ndikanalemba zimene sananene?"

Apo anasiya kuseka. "Iyayi, mwachita bwino. Wolakwa ndine, ndinakupatsani funso loti munthu wanzeru sangaliyankhe moona. Mafomuwa tisunga, chifukwa nawonso akutiuza kanthu. Anthu a midzi yosiyana sangatanganidwe mofanana chonchi."

Aka kanali koyamba kumva bwana akunena kuti walakwa pamaso pa kalaliki wake. M'zaka zonse zimene ndinagwira ntchito pambuyo pake, ndinamvanso zotere kawiri kokha.

Dzinja la chaka chomwecho, ku Ntaja

A Makwinja ananditumiza ku Ntaja kuti ndikakhale miyezi ingapo pakati pa anthu amalonda. Anati alimi mwina sakumvetsa za sheya, koma wamalonda sangasiye phindu lake likugona. Ndinachita lendi kachipinda kuseri kwa telala wina, ndipo patangotha masiku ochepa ndinadziwana ndi Che Asani, wogulitsa matemba ouma, amene benchi lake linali pafupi ndi mzikiti.

Munthu ameneyu sanapite kusukulu yathu ija, koma nkhani ya ndalama ankaidziwa kuposa ife tonse a muofesi. Ankapereka mpamba kwa anthu opita kukapikula nsomba, osati mwa katapila, chifukwa chipembedzo chake chinkaletsa, koma mogwirizana kuti phindu agawana, ndipo zikavuta aluza limodzi. Ankadziwa woyenera kumupatsa zambiri ndi woyenera kumuyesa ndi zochepa. Sankaika mpamba wonse kwa anthu a njira imodzi, chifukwa ankati mlatho umodzi ukakokoloka isalire nyumba yonse. Mapangano onsewa ankawalemba m'zilembo za Chiarabu m'kabuku kamene kankakhala m'chitini, m'nyumba, ndipo kuti akatulutse pankafunika chifukwa chenicheni.

Tsiku lina masana, tikumwa tiyi pabenchi lake, ndinamufunsa mongocheza ngati ali ndi sheya ya Nkhokwe.

"Ndili nayo, achimwene. Angakhale wopanda ndani?"

"Ndingaione?"

Sanadzuke n'komwe. Anapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa kapulasitiki ka shuga kopindidwa bwino. M'menemo munali zinthu zitatu: khadi la Chipani, risiti ya msonkho, ndi satifiketi yathu yobiriwira, itapindidwa kanayi, itada ndi thukuta.

Ndinati, "Che Asani, chinthu cha ndalama mukuyenda nacho m'thumba? Bwanji osachiika m'chitini muja?"

Anandiyang'ana ngati ndine mwana. Anayang'ananso uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "M'chitini mumakhala chuma, ambuje. Izi ndi zoonetsa pachipata. Onse atatuwa ndi mapasa, bambo wawo ndi mmodzi. Ukawasiya kunyumba, msika sulowa."

Mawuwo anandikomera kwambiri moti madzulo ake, polemba fomu yake, ndinawalemba m'mphepete, pansi penipeni pa dzina lake. Lamulo lachiwiri lija ndinkalikumbuka bwino. Ndinangodziuza kuti mawu okoma chonchi sangatayike, ndipo adzawaona ndani kupatula bwana wanga?

Loweruka ndinapita ku Balaka kukapereka malipoti, ndipo nkhani ya kapulasitiki ndinaifotokoza ngati nthabwala. A Makwinja anadzuka pampando mpaka kapu ya tiyi inagwa.

"Mwati anaitulutsa kuti?"

"M'thumba la malaya, bwana."

"Pamodzi ndi chiyani?"

Nditabwereza, anayenda uku ndi uku m'kachipinda kaja, akusisita dazi. Kenaka anaitana wolipira uja n'kumufunsa mmene masheya anagulitsidwira pachiyambi, a Makwinjawo asanayambe ntchito ku Nkhokwe. Wolipirayo anafotokoza mosabisa, chifukwa sankaonapo cholakwa. Galimoto inalibe mafuta, choncho ogulitsa masheya ankakwera nawo lole yopita kumisonkhano ya Chipani. Kumsika ankasowa tebulo, choncho ankakhala pa tebulo lomwelo la pachipata pamene achinyamata a Chipani ankagulitsirapo makhadi. Palibe anakakamiza munthu kugula sheya. Koma munthu wafika pachipata, wagula khadi, ndipo pambali pake pali bambo wovala tayi ali ndi pepala lina lachidindo. Ungafunse kuti ili n'lokakamiza kapena ayi? Unkangogula limodzi, n'kulowa. Ndipo ndani anamvapo kuti khadi limabala phindu? Ndani akanalimba mtima kupita kuofesi kukanena kuti ndabweza pepala lanu, ndipatseni ndalama yanga?

Tsiku lomwelo a Makwinja anakonza fomu yatsopano, ndipo mpaka lero ndimaiona ngati ntchito yanzeru koposa zonse zimene ndinaziona pa moyo wanga. Anachotsa mafunso onse a "chifukwa chiyani". Anasiya pempho limodzi lokha: "Tingaione satifiketi yanu?" Ntchito yanga inali kungoona kumene munthu akuitenga, n'kuchonga. Kodi wapisa m'thumba, kapena wamasula mfundo ya chitenje, kapena wadzuka kukalowa m'nyumba? Ndipo ili pamodzi ndi chiyani? Munthu sankafunika kunena liwu lililonse loti lingamupweteke.

Cholinga chawo chinali chachitali. Ankafuna kuti tilembe anthu amenewa ndi mayina awo ndi midzi yawo, kenaka Nkhokwe iwafotokozere bwino za sheya, ndipo patatha chaka tibwererenso kwa anthu omwewo kukaona ngati satifiketi yasamuka kuchoka m'thumba kupita m'bokosi. Buku lawo lonse linatsamira pa ulendo wachiwiriwo. Popanda mayina, sitikanadziwa kuti tibwerere kwa yani.

Ndinayenda miyezi isanu, mvula ikundinyowetsa, kuchokera ku Ntaja mpaka kumidzi ya kuphiri. Amayi ankamasula mfundo, abambo ankapisa m'thumba. Olowa m'nyumba anali owerengeka, ndipo ambiri a iwo anali aphunzitsi. Mafomu anadzaza katoni ya sopo, momwe munalinso fomu yakale ya Che Asani ija, ndipo ndinkaisunga pansi pa bedi langa ku Ntaja.

Nyengo yokolola, ku Machinga Boma

Linali Lachiwiri m'mawa pamene mesenjala anandipeza ku Ntaja ndi uthenga woti atcheyamani a Chipani a boma lonse akundifuna. Ndinakwera basi nthawi yomweyo. A Makwinja anali ku Blantyre kumsonkhano, ndipo foni ya ku positi ofesi inali itafa sabata imeneyo.

Atcheyamaniwo sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiopsa koposa. Anandipatsa mpando, anafunsa za kwathu, anati amawadziwa amalume anga. Kenaka anati, "Tamva kuti mukuyenda m'midzi kuuza anthu kuti atulutse makhadi awo, inu n'kumalemba. Tamvanso kuti alipo ena akunena kuti chitukuko cha boma n'chokakamiza. Ife sitikukaikirani inuyo, mwana wathu. Tikungofuna tione mapepalawo, tidziwe anthu amene akufunika kuwaphunzitsa. Mawa lomwe lino, isanakwane teni koloko."

Kuphunzitsa kumeneko tonse tinkakudziwa.

Ndinabwerera ku Ntaja dzuwa likupendeka, n'kutulutsa katoni ija. Poyamba ndinaganiza zongochotsa fomu ya Che Asani, chifukwa ndi yokhayo inali ndi mawu. Koma nditayang'ana enawo ndinaona kuti fomu iliyonse inali ndi dzina, mudzi, ndi chongi pa mzere wakuti "pamodzi ndi khadi". Kwa a Makwinja chongicho chinali chiwerengero chabe. Kwa munthu wofuna mlandu, chinali umboni woti uyu amaona khadi la Chipani ngati msonkho. Akanawaitana mmodzimmodzi kuti afotokoze, ndipo pofotokozapo wina akanapsa pakamwa. Anthu amenewa sananene kanthu. Anangondikhulupirira n'kupisa m'thumba.

Mbali inayi kunali a Makwinja. Zaka ziwiri za moyo wawo zinali m'katoni imeneyo, pamodzi ndi lamulo lawo loyamba, lakuti fomu siing'ambidwa. Ndinakhala pabedi nthawi yaitali, ndikumva makina a telala akulira kuseri kwa khoma. Ndinaganizanso za amayi anu, amene nthawi imeneyo anali oyembekezera iwe Agnesi. Sindinama, maganizo ongopereka katoniyo n'kusamba m'manja anandifikira, ndipo anakhala nane kanthawi ndithu. Chimene chinawathamangitsa ndi mawu aja a m'mphepete mwa fomu. Che Asani anatsitsa mawu polankhula nane, ine n'kuwakweza ndi inki. Akanatengedwa, womupereka ndikanakhala ine, osati wina.

Ndinabwereka rula kwa telala, ndinagula malezala awiri pa okala, n'kuyamba. Fomu iliyonse ndinkaika rula pansi pa mzere wa dzina ndi mudzi, n'kudula. Ya Che Asani ndinadulanso m'mphepete. Tizidutswato ndinatiponya pa mbaula imene telala ankaotcherapo makala a simbi. Iye anaona zonse. Anangowonjezera makala.

M'mawa ndinakatula katoni pa tebulo la atcheyamani. Anatenga fomu imodzi, anaitembenuza, anatenga ina.

"Mayina ali kuti?"

"Mulibe mayina, bwana."

"Ndikuona kuti mulibe. Ndikufunsa kuti ali kuti. Mapepalawa adulidwa dzulo, m'mphepetemu mukuoneka."

Anandiuza kuti ndikhale pabenchi la panja mpaka abwana anga atabwera, ndipo anaika wachinyamata wa Chipani pakhomo. Anandilola kukagona kwa msuweni wanga wa pa Bomapo, koma m'mawa ndinkabwerera pabenchi. Ndinakhalapo masiku awiri. Anthu odutsa amene ankandidziwa ankayang'ana kumbali.

Lachisanu a Makwinja anafika pa basi ya m'mawa, fumbi lili mbuu. Ndikuuzani zoona, ndinkawaopa iwo kuposa atcheyamani. Anakhala pambali panga n'kufunsa motsitsa kuti chachitika n'chiyani. Ndinafotokoza zonse, ngakhale za mawu a m'mphepete aja.

"Onse?" anafunsa. "Simunasunge mndandanda pena pake?"

"Onse, bwana. Ndatentha."

Anavula magalasi, n'kuyamba kumanganso ulusi uja ngakhale sunali womasuka. Ndinkayembekezera kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira akanatero. Patapita nthawi anati, "Lamulo lachiwiri munaliphwanya chifukwa cha uchitsiru. Loyamba mwaliphwanya chifukwa cha nzeru. Tiyeni tilowe."

M'katimo analankhula iwo okha. Anati kudula mayina ndi mwambo wa ntchito yofufuza, ndipo analamula ndi iwo asanapite ku Blantyre. Anati kalaliki wawo ndi munthu wongotumidwa, wosadziwa kanthu. Atcheyamani anafunsa kuti, "Ndiye kuti mlanduwu mukuusenza inuyo?" Iwo anati, "Ngati ulipo mlandu, ndi wanga." Munthu amene anandiphunzitsa kuti fomu siinama ananama tsiku limenelo ine ndili pomwepo, ndipo sindinawalemekezepo kuposa tsiku limenelo.

Miyezi yotsatira

A Makwinja sanawatsekere, mwina chifukwa panalibe pepala loti n'kuwagwira nalo. Koma pasanathe mwezi kalata inabwera yowachotsa pa udindo wa zofufuza n'kuwatumiza kumpoto kwenikweni, kukayang'anira nyumba yosungiramo matumba opanda kanthu. Katoni ya mafomu sinabwerenso. Buku lawo silinathe, ndipo udokotala uja sanaupeze mpaka imfa yawo.

Sabata yawo yomaliza analemba lipoti la tsamba limodzi lopita ku likulu. Munalibe liwu lakuti khadi, munalibe liwu lakuti Chipani. Munali malangizo atatu okha: masheya azigulitsidwa pa tebulo lawolawo, tsiku losakhala la msonkhano, phindu lizipita kwa eni ake kumisika, lizilipidwa poyera anthu akuona, ndipo wolipira azinena mokweza kuti wofuna kubweza sheya yake ali ndi ufulu. A ku likulu anavomera ziwiri zoyambazo, chifukwa zinkaoneka ngati nkhani ya matebulo chabe. Chachitatu anachidula, koma ine ndinkachinenabe, motsitsa.

Pokwera sitima anandigwira dzanja n'kunena kuti, "A Nampinga, maso aja musawasiye."

Chaka chotsatira ndinaperekeza wolipira ku Ntaja. Tinabwereka tebulo la telala n'kuliika pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi chipata. Anthu anaima patali, akuonerera. Palibe ankafuna kukhala woyamba. Kenaka Che Asani anapukuta manja, anabwera, n'kukhala pa mpando.

"Achimwene, ndifunse kaye. Ndalama mukuti mundipatseyi, ndi katapila?"

"Iyayi. Ndalama yanu inakagwira ntchito m'makampani. Apindula, ndiye ili ndi gawo lanu."

"Akanaluza?"

"Mukanaluza nawo."

Anaseka. "Ndiye ndi malonda amenewo! Zomwe ndimachita ine ndi anthu anga a nsomba. Nanga bwanji simunanene kalekale?" Anafunsa makampani ake ndi ati, amawayendetsa ndani, ndipo thonje likapanda kuchita bwino chaka chimenecho zimatha bwanji. Anandipanikiza ndi mafunso kuposa mmene mabwana a ku likulu anachitirapo. Atakhutira anawerenga ndalama zake kawiri, poyera, n'kuziika m'thumba. Asanafike pabenchi lake, mzere unali utayamba.

Za lezala zija sindinamuuze, ndipo sanadziwe kuti dzina lake linatsala pang'ono kufika pa tebulo la atcheyamani.

Patapita miyezi ingapo ndinadutsanso ku Ntaja pa ntchito ina. Kafukufuku anali atathetsedwa, fomu ndinalibe, koma chizolowezi ndi matenda. Titamwa tiyi ndinati, "Che Asani, ndingaione satifiketi yanu?"

Anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa kapulasitiki kaja, anakayang'ana, n'kukabweza. Munali zinthu ziwiri zokha.

"Dikirani pang'ono, ambuje," anatero. Anauza mnzake kuti amuonere matemba, n'kuyamba ulendo wa kunyumba. Anabwera ndi chitini chija atachikulunga m'nsalu. Pansi pa kabuku ka Chiarabu panali masatifiketi atatu, yakale ija ataiwongola bwino.

Zaka zambiri pambuyo pake

A Makwinja ndinawaonanso kamodzi kokha. Zinthu zinali zitasintha m'dziko, Nkhokwe inali itatha kale, ndipo iwo anali atapuma, akudwala, kwa mwana wawo ku Liwonde. Maso anali atachita khungu, koma mawu anga anawazindikira ndisanatchule dzina. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa za buku lawo, koma atangomva kumene ndikulowera anakweza dzanja.

"Zimenezo zisiyeni. Munabwererako ku Ntaja?"

"Ndinabwererako, bwana."

"Wa matemba uja, munamupempha?"

"Ndinamupempha."

Anadzutsa mutu papilo. "Anaitenga kuti?"

"Analowa m'nyumba, bwana. Inali m'chitini. Zinali zitatu."

Anagonekanso mutu, akumwetulira, misozi ikutsikira m'makutu. Kenaka bwana wanga wakale uja anabwerera, ndi mawu ake omwe aja a pamwamba pa magalasi. "Munthu mmodzi si kafukufuku, a Nampinga."

"Ndikudziwa, bwana."

"Komabe lembani."

Ndinalonjeza, koma ndinazengereza zaka zonsezi, chifukwa dzanja limene linazolowera kudula mayina limachita mantha kuwalemba. Lero ndalemba. Munthuyo anali Che Asani, wogulitsa matemba pafupi ndi mzikiti wa ku Ntaja, ndipo mawu ake ndawaika pafupi ndi dzina lake popanda woti angamutenge. Wa pachithunzi uja ndi a Makwinja. Mukadzagawana katundu wanga, chithunzicho chisadzalowe m'kabati.